Mwaye pa Kasingano ka Thabiso

Thabiso Letsoalo anali atatopa mpaka m'mafupa. Chaka chake chomaliza pa yunivesite ku Pretoria chinkathera pa thanki yachitsulo ya mu labotale. Ankapopa mpweya wonse kuutulutsamo, n'kuyatsa plazima, moto wofiirira, kuti timaayoni, tinthu tosaoneka ndi maso tochokera m'motowo, tizimenya kambale ka chitsulo cha tangisiteni. Kasingano ka m'thankimo ndiko kankamuuza kuchuluka kwa timaayoni togwera pa kambaleko. Digiri yake inali pa manambala amenewo, ndipo mayi ake ku Polokwane anali atasoketsa kale diresi loti adzavale pa tsiku lolandira digiriyo.

Tsono kasingano kameneka kamada. Fumbi la m'thanki limakamata ngati mwaye, kenako kamawerenga moperewera. Mankhwala ake n'kutsegula thanki n'kukapukuta. Koma ukatsegula, mpweya walowa, ndipo kupopanso ndi masiku, magetsi akapanda kuthima.

"Iwe Thabiso, manambala akowa akungotsika," anatero Nokwanda, mnzake wa mu labotalemo, akunyema gwinya, mandasi a kumeneko. "Tsegula upukute."

"Mawa, chemwali."

"Mawa lako lija lamera ndevu."

"Ndiye ndiyambirenso kupopa? Thupi ili si lachitsulo ayi."

Mawa linabala mawa linzake. Manambala atatsikiratu, mkuluyu m'malo mokayikira kasingano anakayikira moto, nauwonjezera mphamvu. Akatsika, iye kuwonjezera. Abale inu, munthu wophunzira chonchi! Chonsecho kambaleko kanali komaliza mwa timene aphunzitsi ake, Pulofesa Vermaak, anabwera nato kuchokera kunja.

Tsiku lina masana Nokwanda anasuzumira pa kazenera ka thanki, nagwira pakamwa. Kambale kanali katatuluka matuza, ming'alu paliponse. Timaayoni sitinachepepo, kasingano ndiko kanachita khungu.

Thanki inatsegulidwa tsopano, chopulumutsa palibe. Kasingano kanali bii. Pulofesa anakapukuta okha, ndipo anamaliza tiyi wawo asanazizire n'komwe.

"Ntchito yake ndi yomweyi, mwana wanga," anatero motsitsa mawu. "Manambala ako onsewa ndi abodza. Timbale tina tibwera chaka chamawa."

Thabiso anakakhala pa masitepe. Anaimba foni ku Polokwane.

"Mayi, diresi lija mulipinde kaye, muliike m'sutikesi."

Mayi aja anangousa moyo. Ndithu akulu sananame: zengerezu adalinda kwawukwawu.