Nsomba Zisanu za Aphunzitsi a Kamtedza

Kalekale, masiku amene mabasi ankanyamuka pa nthawi yake, ku Zomba kunali aphunzitsi ena dzina lawo a Kamtedza. Atapuma pantchito, ophunzira awo akale anawapatsa mphatso yachilendo: thanki yagalasi yoika pabalaza, muli nsomba zisanu zofiira ndi kapampu kamagetsi kotulutsa thovu. Sizinali zandiwo ayi, zinali zongoyang'ana. Yaikulu pa zonse ankaitchula kuti Hedimasitala, chifukwa inkasambira patsogolo ndipo sinkaseka.

A Kamtedza anali munthu wadongosolo. Pachitini cha chakudya cha nsombazo analembapo ndi inki kuti: "Kotsina ndi zala ziwiri, kamodzi patsiku, seveni koloko m'mawa."

Anali ndi ana atatu, onse akuluakulu, okhala pafupi ndi bambo awo. Woyamba anali Ndaziona, mayi wa ana anayi. Wachiwiri anali Mzati, woweta nsomba m'maiwe kudambo. Mzime anali Sekanawo, wosoka zovala. Onse atatu ankaisirira thanki ija, ndipo bambo awo anali atanena kuti akamakakhala kumudzi, kumene kulibe magetsi, adzaisiyira mwana amene waonetsa kuti amadziwa kusamala.

Tsiku lina anaitanidwa ku msonkhano wa akulu a mpingo wa masiku anayi. Apa mpamene munthu wadongosolo uja anaterereka. Anatsanzika mwana aliyense payekha, ndipo aliyense anamuuza mawu omwewo: "Usaiwale nsomba zanga."

Ndaziona anafika seveni koloko yeniyeni. Anawerenga pachitini, nayang'ana nsomba zikutsegula ndi kutseka kukamwa monga zimachitira nsomba zonse. "Taonani, zikupempha," anatero. "Zala ziwiri za ndani? Za ababa n'zowonda." Anathira supuni yodzaza.

Mzati anabwera masana, chitini osachiyang'ana n'komwe. "Chaka chonse nsomba osakula? Ababa amaziphunzitsa m'malo mozidyetsa." Anatapa madeya m'thumba, dzanja lodzaza, monga ankachitira kumaiwe kwake.

Sekanawo ankabwera madzulo kudzatseka mawindo, n'kukhala pabalaza ndi tiyi ndi chigumu. Akati alume, nsomba zisanu zija zili pagalasi, maso ali pa iye. "Ine sindinaleredwe kudya wina akundiyang'ana," anatero. "Tiyeni tidyere limodzi." Ananyenyera chigumu m'madzimo.

Zinatero Lolemba, zinateronso Lachiwiri. Lachitatu masana Sekanawo anabwerera sizasi imene anaiwala, ndipo anapeza madzi achita mbuu ngati thobwa, akununkha. Nsomba zinayi zinali pamwamba zikupuma movutikira, Hedimasitala atagona chammbali. Mtsikana wina akanatseka chitseko n'kunena kuti sanaone kanthu. Iye anathamanga wopanda nsapato kukaitana abale ake.

"Ndi matenda awa," anatero Mzati, akukanda m'mutu. "Kapena wina wazilodza."

"Si matenda, achimwene. Ndine. Ndimazipatsa chigumu."

Kenako Ndaziona anatsokomola. "Supuni imodzi yokha patsiku, ine."

Onse awiri anatembenukira kwa Mzati.

"Timadeya pang'ono," anatero.

"Pang'ono ndi dzanja lakolo, longa fosholo?" anafunsa Ndaziona.

Sekanawo akanapanda kuyamba kuulula, akanataya tsiku lonse kufunafuna mankhwala a matenda amene kunalibe.

Mzati anavula malaya. Ankadziwa kuti chakudya chotsala chikuola pansi ndi kumaliza mpweya m'madzi. Anatenga kapayipi, mbali imodzi m'thanki, ina kukamwa, nakoka kuti madzi ayambe kutsikira mundowa. Anakoka mopitirira, nameza thobwa lija kukamwa kodzaza. Alongo ake anaseka mpaka misozi, koma iye sanasiye payipi. Anaiyendetsa pakati pa timiyala tonse ta pansi pa thanki mpaka zoola zonse zitatuluka, natsuka kasefa ka pampu. Anachotsa theka lokha la madzi, kuti nsomba zisadzidzimuke. Popanda manja akewo, dzuwa likanalowa Hedimasitala atafa.

Atatha anatenga ndowa kupita kumpopi.

"Ima pomwepo, iwe!" anakuwa Ndaziona. "Sunawaonepo ababa akugoneka madzi mundowa asanathire? Ndinkawaseka, koma anandiuza chifukwa chake. Madzi ongotunga kumpopi ali ndi mankhwala opha tizilombo, ndipo nsomba amaziphanso."

Kunyumba kwake kunali mgolo wa madzi amene anatunga Lamulungu, osungira kuchapa mayunifolomu a ana. Anawasenza pamutu, ndowa zisanu ndi imodzi, nathira pang'onopang'ono ndi kapu. Kenako ananyamula chitini chija n'kuchimanga m'chitenje. "Zisale kudya masiku awiri. Zikapempha, yang'anani kumbali." Ndowa ya Mzati ija ikanalowa m'thanki, ntchito yake yonse ikanapita pachabe.

Lachisanu a Kamtedza anabwera. Madzi anali mbee, Hedimasitala akusambira patsogolo monga kale. Ana anakhala pansi nafotokoza zonse, osabisa supuni, madeya kapena chigumu. Mkuluyo anavula magalasi naseka mpaka kugwira nthiti.

"Woyamba kulakwa ndine," anatero. "Ndinatuma anthu atatu ntchito ya munthu mmodzi. Koma lole yopita kumudzi ibwera mwezi wamawa, thanki ndi imodzi, ndipo galasi sadula patatu."

"Ine ndinameza zinthu zosaneneka, ababa," anatero Mzati.

"Unameza madeya ako omwe," anayankha Ndaziona. "Ana anga anapita kusukulu ndi zovala zakuda."

Sekanawo anangoti, "Ine ndinangonena zoona."

A Kamtedza anayang'ana uyu, nayang'ana uyo, nayang'ana nsomba, koma Hedimasitala anangotsegula kukamwa n'kutsekanso.

Tsono inu amene mwamva nkhaniyi, lankhulani mmodzimmodzi, osalankhulira pamodzi. Onse atatu anaswa lamulo lolembedwa pachitini, onse atatu anapulumutsa nsomba. Kodi thanki ipite kwa Sekanawo amene anaona ndi kuulula, kwa Mzati amene anawononga kwambiri nagwiranso ntchito yonyansa, kapena kwa Ndaziona amene anakumbukira mwambo wa bambo ake napereka madzi a ana ake?