Moni wa Pa Njinga

Panali munthu wina wa kabaza, wonyamula anthu pa njinga kuchokera pa siteji kupita kumsika. Anali wakhama, koma mawu ankawaumira kwabasi. Kwa iye moni wonse unali "Bho?" basi.

Njira yake inkadutsa pakhomo pa amayi ake. Tsiku lililonse ankaliza belu, phazi lili pa pedulo, n'kufuula kuti, "Bho, amayi?" Amayiwo, ali pa mkeka pakhonde, ankayankha kuti, "Bho, mwanangu." Mawu a achinyamatawa anawaphunzira chifukwa cha iye. Munthu uja ankapitirira mtima uli m'malo, akuti amayi ake wawazonda.

Tsiku lina ankapalasa m'mbuyo mwa wakabaza wina, mlendo m'deralo. Mlendoyo analiza belu pothamangitsa mbuzi mumsewu. Pomwepo amayi aja anamukwezera dzanja akumwetulira, n'kunena kuti, "Bho, mwanangu!"

Mtima wa munthu uja unangoti myu. Anatsika, anagoneka njinga pansi, anavula chipewa, n'kukhala m'mphepete mwa mkeka.

"Mwaswera bwanji, amayi?"

"Ndaswera bwino, kaya iwe?"

"Ndaswera. Nanga m'thupimu mukumva bwanji? Miyendo ija? Nanga maso?"

Amayiwo anatambasula manja n'kuyamba kumupapasa kumaso. "Ndevuzi zamera liti?" anatero akuseka pang'ono. "Maso anachita ng'ala, mwanangu. Chikololereni chimanga ndimangoona nkhungu."

"Bwanji osandiuza?"

"Ndikanakuuza pati? Nkhani ya maso sauza munthu amene phazi lake lili pa pedulo."

Munthu uja analira, bambo wamkulu ndi ndevu zake, osachita manyazi ndi anthu odutsa. M'mawa mwake sananyamule wina aliyense koma amayi ake. Anapalasa pang'onopang'ono, akulambalala maenje, mpaka kuchipatala. Kumeneko diso limodzi linapulumuka. Linalo anali atachedwa nalo.

Ana inu, lero m'Chingerezi mwaphunzira kuti "I am" amafupikitsidwa n'kukhala "I'm", ndipo ndaona kuti mawu afupiwo mwawakonda, alesi inu. Musaope, si olakwika ayi. Mawu afupi ndi a pamsewu, a pocheza ndi anzanu, a nthawi imene mukuthamanga. Athunthu ndi a pamene nkhani yalemera, ndi pamene munthu ali patsogolo panu akuyenera ulemu wanu wonse. Kudziwa onse awiri n'kosavuta. Chovuta n'kudziwa nthawi yotsika njinga.

Mukaweruka, amene mukamupeze pakhonde musakamulonjere mukuyenda. Mukakhale pansi, mukamupatse moni wonse, ndipo mukadikire mpaka amalize kuyankha.