Maliro a Loweruka

Makina osokera a Ruth ankayamba kulira dzuwa lisanatenthe, pakhonde la nyumba yamalata imene mwamuna wake Lackson anamanga chakumtunda kwa msika wa Golomoti. Ruth sanali wakuno. Anabadwira ku Joni n'kukulira komweko, ndipo Lackson anamupeza kumeneko pamene ankagwira ntchito yowotcherera zitsulo. Ntchito itatha, mapepala okhalira m'dzikomo atayamba kuvuta, Lackson anati tiyeni kwathu. Mkaziyo anamanga katundu, kunyamula makina ake ndi mwana wawo Onani, n'kukwera basi.

Anthu ankanong'onezana kuti sakhalitsa. Kutentha kwa kuchigwa kuno ngakhale eni ake kumawadandaulitsa, nanga udzudzu wake ngwamasewera? Koma Ruth anawatsutsa onse. Anaphunzira kusenza ndowa kuchokera kumjigo osaigwirira, kupeta mpunga wa ku Bwanje, kutsuka usipa mpaka mchenga kutheratu. Chichewa chake chinkayenda motsimphina, komabe chinkafika kumene chikupita. Akakumana ndi akuluakulu ankapinda maondo n'kupereka moni bwinobwino, moti amayi a m'mudzimo ankati Lackson watola nkhwangwa ndi mpini womwe.

Chinthu chimodzi chokha n'chimene chinamukanika, kapena tinene zoona, anachita kuchikana. Chinthucho chinali maliro.

Kwawo, iye ankatero, munthu akamwalira amadikira kumochale mpaka Loweruka, amoyo n'kumapita kuntchito sabata yonse. Kuno uthenga ukangomveka, nthambi zimaikidwa pamsewu, makasu amabwerera m'nyumba, amayi n'kusiya zonse. Wina amatenga nkhuni, wina kambale ka ufa, enawo amakakhala m'nyumba ya siwa pambali pa wofedwa mpaka anthu atabwerako kumanda. Ruth ankaona ngati kumeneku n'kutaya nthawi.

A Fabiano, oyandikana nawo nyumba, anamwalirira kuchipatala cha Mua sukulu zitatsala pang'ono kutsegulidwa, mayunifolomu atawunjikana pakhonde la Ruth. Khumbo, mlongo wake wa Lackson, anafika atamanga kale mpango kumutu.

"Alamu, tsekani makinawo. Tiyeni kusiwa."

"Nanga mayunifolomuwa asoka ndani?" anatero Ruth, mwendo uli pachopondera. "Tengani shugayu mukapereke. Mukawauze kuti ndapepesa."

"Shuga sakhala pamphasa, alamu. Kumeneko akufuna inuyo."

"Ndikakakhala pamphasapo, a Fabiano adzuka?"

Khumbo anangotenga shugayo n'kumapita. Ruth analowetsa makina m'nyumba n'kutseka chitseko, poganiza kuti ulemu wakwana. Koma nyumba ya siwa inali pafupi, ndipo akwaya akangopumira, makina aja ankamveka bwinobwino mpaka pamene panakhala mayi wamasiye.

Lackson anayesa kuiyamba nkhaniyo atabwera kumanda. "Amake Onani, anthu amakufunsanitu."

"Inu munapita, bambo a Onani. Banja ndi limodzi. Kapena amafuna tizipita ndi nkhuku zomwe?"

Lackson anali munthu woopa phokoso m'nyumba, ndiye anaisiyira pomwepo. Maliro ena anabwera, enanso n'kubwera, Ruth n'kumatuma Khumbo ndi kenakake m'manja. Palibe anamukalipira. Zovala zong'ambika ankamubweretserabe, moni kumjigo ankamupatsabe, ndipo iye anayesa kuti anthu amuzolowera. Anthu akuno mlendo samulalatira, amangosunga mumtima.

Chaka chachitatu, nyengo yowokera mpunga, Ruth ali woyembekezera wotopa, foni inalira m'mawa. Anali mchimwene wake ku Joni, kumuuza kuti amayi awo atsikira kulichete ndipo adzaikidwa Loweruka. Ulendo wapabasi wodutsa mayiko ena awiri sunali woti munthu wa mimba yotere n'kuuyamba. Ruth anali mwana wamkazi yekhayo, ndipo mayi akewo anali asanawaonenso chichokereni. Chomwe chinamutsalira n'kuwalira ali kuno, ndipo anachita mantha kuwalira yekha.

Lackson anachita zimene anthu amachita. Anatumiza uthenga m'mudzi ndi kutchalitchi, kubwereka mabenchi, Khumbo n'kuyala mphasa pabalaza mpaka kukhonde. Vuto linali lakuti maliro akakhala ndi mtembo, anthu amabwera ngakhale akukwiya, chifukwa munthu sangaolere m'nyumba. Maliro akutali alibe manda oti akumbidwe, alibe nthambi pamsewu. Amabwera ndi amene mtima wamutuma.

Loweruka lija abambo anabwera ndithu, poti Lackson sankajomba pa zovuta za anzake. Anakhala naye pansi pa mtengo wa mango, kumupepesa za apongozi ake, kenako n'kumanyamuka mmodzimmodzi. Amayi nawo sanabise nkhope. Ankadutsa ndi makasu awo popita kusikimu ya mpunga, kuima pampanda n'kuitana.

"Amake Onani, tamva zovutazo. Pepani."

Ankanena ali chiimire, n'kupitiriza ulendo. Palibe anavula nsapato pakhomo.

Dzuwa litakwera, mchimwene wake uja anaimbanso, ulendo uno pavidiyo, kuti mlongo wake aoneko mwambo. Ruth anakhala pakati pa mphasa zopanda anthu, foni ili m'manja. Anaona bokosi loyera, azakhali ake atavala zakuda, anamva nyimbo za chinenero chake. Bokosi litayamba kutsika, netiweki inadula, chithunzi n'kuuma pamalo amodzi. Apo m'pamene anakuwa.

Kulira maliro kuli ndi kayendedwe kake. Wina akayamba, ena amalandira, woyambayo n'kupuma mpweya pamene anzake akumugwira mapewa. Ruth analibe womulandira. Khumbo anali kuseri akusonkhezera moto wa tiyi, ndipo mawu a mkazi mmodzi yekha, otuluka m'nyumba yotseka, samveka ngati maliro. Wakabaza wina amene ankadutsa anatsika panjinga n'kuyandikira mpanda.

"Achimwene," anauza Lackson motsitsa mawu, "munthu woyembekezera samenyedwatu. Ngati zavuta, itanani ankhoswe."

"Ayi, bambo, ndi maliro. Apongozi anga amwalira ku Joni."

"Maliro?" Wakabazayo anasuzumira pabwalo, kuona mabenchi ali mbee. "Nanga anthu ali kuti?"

Zenera linali lotsegula, ndipo Ruth anamva zonse. Kulira kuja kunaduka. Manyazi anamugwira pamwamba pa chisoni, ndipo kwa nthawi yoyamba chibwerereni anadziona kuti ndi mlendo weniweni, wopanda wake m'dziko lino.

Chakumasana, anthu akuweruka kusikimu, chitseko chinatseguka popanda odi. Anali mayi Fabiano, wamasiye uja, matope a m'munda atauma m'miyendo. Anasiya khasu panja, kuvula nsapato, n'kudzakhala pamphasa moti phewa lawo linagunda la Ruth.

"Mayi," anatero Ruth, maso ali pansi, "ine kwanu kuja sindinabwere."

"Ndikudziwa, mwananga. Inenso sindinabwerere inu ayi. Ndabwerera amayi anuwo. Iwo kuno sanalakwire munthu, ndipo mayi woti anabereka sapita ngati nkhuku. Anali ndani dzina lawo?"

Ruth anatchula dzinalo. Linali lovuta pa lilime la Chichewa, ndipo mayi Fabiano analibwereza mpaka analigwira. Kenako anafunda chitenje kumutu n'kuyamba kulira, kuitana dzina la munthu amene sanamuonepo, kumufunsa kuti mwana wakeyu wamusiyira ndani kudziko la eni. Ruth analandira, Khumbo analowa n'kulandiranso, ndipo nyumba ija inamveka ngati muli maliro.

Anali atatu okha. Enawo sanabwere, ndipo mphasa zambiri Khumbo anazipinda zisanakhalidwe n'komwe. Ruth anali ataphunzira zonse zimene manja angaphunzire m'dziko lachilendo, koma mudzi sulowedwa ndi luso la manja lokha. Tsiku limenelo anazimva m'thupi mwake zimene akuluakulu ananena kalekale, kuti maliro n'kulirana.