Mphatso ya Masamba Atatuatatu

Edness Chikaonda adafika ku Gaithersburg m'chaka cha 1995, napeza ntchito pa nyumba ina yosungirako okalamba. Ankasambitsa, kudyetsa ndi kutembenuza anthu amene matupi awo adali atatopa. Mwa onsewo, amene ankacheza nawo kwambiri adali a Morton, bambo wa zaka makumi asanu ndi atatu amene kale ankagwira ntchito ya sayansi m'boma. Miyendo yawo idali itakana kuyenda, koma mutu udali wakuthwa ngati lumo.

M'mawa wina mu Okutobala, Edness akuyala bedi, a Morton adamuuza kuti kwa zaka makumi atatu, nyengo ngati imeneyo ankapalasa bwato pa kanyanja ka m'paki ina kunja kwa tauni, ndipo kuti mitengo ya m'mphepete mwake imayaka ngati wina waikoleza. Edness adachita chidwi. Kwawo ku Mulanje masamba a mombo amafiira akamaphuka, ali anthete. Kuno akuti amafiira akamafa. Adawalonjeza kuti apita akawajambulire.

Kamera adabwereka kwa Mwansa, mnzake wa kutchalitchi, nesi wa ku Lusaka amene adali atakhala ku Maryland zaka khumi ndi ziwiri ndipo ankathamanga m'paki yomweyo Loweruka lililonse. Adanyamukira limodzi. Adayamba ndi bwato la anthu awiri, Mwansa akupalasa kumbuyo, Edness kutsogolo maso ali mwazumwazu. Chilichonse chidali chomudabwitsa: atsekwe onona akusambira popanda wowaponyera mwala, kamba wa m'madzi akuwothera dzuwa pa chipika, azibambo aimvi akuthamanga popanda wowapirikitsa. Mitengo idalidi itayaka, ina yachikasu, ina yofiira piriwiri, ndipo moto wonsewo unkaonekanso chadodolido m'madzi.

Atakocheza, Mwansa adamanga nsapato zake zothamangira.

"Ba Edness, nizazungulukako chabe kamodzi. Imwe jambulani, koma osagwiragwira vinthu. Mukaona chamene simudziwa, munifunse nikabwela."

Edness adaseka. "Asisi, ine ndidakulira m'tsinde mwa phiri, nkhuni ndikutola m'nkhalango yeniyeni. Chitedze ndimachizindikira ndili patali. Tchire lometedwa ngati mutu wa mwana wasukululi lingandiphunzitse chiyani?"

Mwansa atalowa m'kanjira, Edness adatsata gombe akujambula. Posakhalitsa adaima pa mtengo wina waukulu umene chomera china chidayangapo. Tsinde la chomeracho lidali laubweya ngati chingwe chakale, masamba ake ali atatuatatu, ofiira kuposa onse amene adaona tsikulo, onyezimira ngati apakidwa mafuta. Adajambula katatu. Kenako adaganiza kuti chithunzi ndi pepala chabe. Munthu wogona pabedi angakondwere koposa atagwira tsamba lenilenilo m'manja. Chapafupi padali wogwira ntchito m'pakimo, wovala yunifolomu, akukonza benchi. Edness adalingalira zomufunsa dzina la chomeracho, koma adaopa kuti angamuletse kuthyola. Adadikira kuti atembenuke, nathyola nthambi zinayi ndi manja ake, kuzipinda bwino n'kuziika m'jumbo. Adapukuta thukuta kumaso, nakonza lamba wa kamera m'khosi.

Mwansa atabwera, akupumira m'mwamba, adafunsa chimene chidali m'jumbomo. Edness adangoti ndi kamphatso ka munthu wina, namubwezera kamera yake, nasintha nkhani.

Kunyumba adaika nthambizo m'botolo la madzi pa tebulo, ndipo Lamlungu lonse ankazisirira. Lolemba adadzuka m'mikono mukuyabwa, chikope chamanzere chikulemera. Adati ndi sopo watsopano. Adavala yunifolomu, nakwera basi botolo lili pamiyendo, ndipo atangofika adalunjika kuchipinda cha a Morton nkhope ili mwee.

A Morton adavala magalasi awo. Kumwetulira kwawo kudazima.

"Ima pomwepo, Edness. Usayandikire, ndipo usagwire chilichonse."

Edness adaima pakhomo ngati wathiridwa madzi ozizira. Bamboyo adaliza belu loitanira nesi wamkulu, ndipo podikira adamufotokozera mofatsa kuti chomeracho amachitcha poizoni aivi. Masamba, tsinde ndi mizu yake zili ndi mafuta osaoneka amene amawotcha khungu patapita tsiku limodzi kapena awiri, ndipo amamatirira pa zovala kwa nthawi yaitali. Adati mwana aliyense wa kuno amaphunzitsidwa kuthawa masamba atatuatatu asadaphunzire n'komwe kuwerenga.

Nesi wamkulu adabwera atavala magolovesi, nalandira botololo ngati akunyamula njoka. Mu ofesi mwake sadakweze mawu. Adangomukumbutsa kuti khungu la okalamba ndi lopyapyala ngati la anyezi, ndipo masambawo akadakhudza bedi la a Morton, bamboyo akadagonekedwa m'chipatala, iyenso ntchito ikadathera pompo. Adamupatsa kalata ya chenjezo, namuuza kuti akaonane ndi dokotala ndipo asabwere mpaka atapola.

Pofika Lachitatu mikono yonse idali matuza okhaokha, m'mipata ya zala mukutuluka madzi, diso lamanzere litatsekeka. Kuyabwa kwake kudali kwa mtundu wina, koti ukakanda kumalowa mkati n'kukadzukira pena. Adakhala m'nyumba milungu iwiri, atadzola mankhwala oyera kumaso konse, m'manja atavala masokosi kuti asadzikande. Ana a m'nyumba yoyandikana atamuona pawindo adathawa.

Amene adakatsukitsa zithunzi ndi Mwansa, ndipo ndi iyenso adakazipereka kwa a Morton. Kuchokera kumeneko adadzera kwa Edness. Adamuuza kuti bamboyo adaziyala pa bulangete n'kuziyang'ana nthawi yaitali, akutchula pamene ankakocheza ndi malemu mkazi wawo, ndipo adati amuuze kuti diso lojambula ali nalo. Edness adamasuka mtima pang'ono. Koma Mwansa sadakhale pansi. Adavula mpango wa m'khosi, naonetsa mzere wa matuza wozungulira khosi lonse ngati mkanda.

"Ni lamba wa kamera," adatero. "Ninaivala pa Sande pojambula kwaya."

Edness adafuna kubisa nkhope, koma m'manja mudali masokosi. Adapepesa mobwerezabwereza. Mwansa adati sadakwiye ndi matuzawo. Chidamuwawa n'chakuti adafunsa za jumbo lija ali chiimire pafupi, ndipo kungolitsegula kukadakwanira.

Aliyense ankalimbana ndi dzanja lake kuti lisapite pakhungu. Kenako Edness adakankhira mnzakeyo mpando ndi phazi.

"Asisi, khalani pansi. M'tchire la kunoli mulinso chiyani china chimene sindikuchidziwa?"

Mwansa adakhala, nayamba ndi nkhupakupa zazing'ono ngati njere ya therere lobala zimene zimagwa kwa agwape, ndipo Edness adamvetsera ndi diso lake limodzilo, osamudula mawu. Akuluakulu sadaname pamene adati safunsa adadya phula.