Nachisale ndi Mwana wa Katumbu

Kalekale, mitsinje isanayambe kuphwa m'chilimwe, panali mayi wina woumba mbiya. Dzina lake anali Nachisale. Mwamuna wake, Gwaza, ankaluka miono ndi kuitchera kumtsinje. Mkazi kudothi, mwamuna kunsomba. Chosowa m'nyumbamo chinali chimodzi.

Anadikira zaka zisanu ndi ziwiri. Chaka chotsatira Nachisale anaima. Gwaza anapha mbuzi, nafufuta chikopa chake kuti chikhale mbereko. Anachifufuta mpaka manja anatuluka matuza.

Mwana anabadwa, wamkazi. Anakhala masiku anayi. Tsiku lachisanu anapita, mchombo usanagwe, dzina asanapatsidwe.

Tsono mwambo wa m'mudzimo unali wotere. Khanda lotsirizikira m'chikuta silinali maliro. Ankakaliika amayi okhaokha, kudambo, m'dzenje losazama. Bambo sankaonetsedwa malo. Mayi sankaloledwa kulira.

A Nangozo, mzamba wa m'mudzimo, anamugwira paphewa. "Usalire, Nachisale. Anali mlendo, wabwerera. Ukalira utsekera njira anzake."

Nachisale sanalire. Dzina limene anasankha analisunga pansi pa lilime. Anapinda mbereko ija, naisomeka kutsindwi. Anabwerera kudothi lake.

Patapita mwezi kunagwa mvula ya masiku atatu, mtsinje nusefukira. Madzi ataphwera, Nachisale anatenga dengu, napita kunkhuti kumene ankakumba dothi. M'nkhutimo munali kanthu kakuda, konyowa, kolira ngati kamluzu. Kanali kamwana ka katumbu, nyama ija ya m'madzi yodya nkhanu ndi nsomba.

Anatambasula dzanja kuti akakankhire kumtsinje. Iko kanagwira chala chake. Kanagwira ndi dzanja: tizala tisanu, tofewa, topanda zikhadabo. Kanagwira, osasiya.

Nachisale anaima pomwepo nthawi yaitali. Kenaka anakanyamula, nakaika m'dengu, nabwerera kumudzi wopanda dothi.

Gwaza anasuzumira m'dengumo.

"Nachisale, ichi n'chiyani?"

"Ndi mwana."

"Mwana wa katumbu. Amake ndi amene amanding'ambira miono."

"Alibe ndi mano omwe, bambo."

"Amera."

Pamenepo Gwaza anaona kuti mbereko yatsika kutsindwi. Anatembenuka, natuluka.

Nachisale anamumwetsa mkaka wa mbuzi. Anamutafunira matemba. Anamubereka kumsana popita kuchitsime. Amayi anzake anaseka mpaka kutula mitsuko pansi.

"Amake Katumbu, mwadzuka bwanji?"

"Mwana wagona bwanji? Sanakunyowetseni?"

"Akakula mudzamufunsirire mbeta kwa ang'ona!"

Nachisale sanakwiye. Amake uje ndi amake uje basi. Zaka zonsezo palibe amene anamuitanapo choncho.

Akakhala yekha ankatulutsa dzina lija pansi pa lilime, naimba chapansipansi:

Sungeni, Sungeni, gona pamsana,
mtsinje uli kutali, mayi ali pano.

Anamuumbira mkhate waukulu, wotambalala pakamwa, kuti ukhale mtsinje wake. Ankatunga madzi kanayi pa tsiku kuti udzaze. Katumbu ankalowamo, kuzungulira, kugunda mphuno kumbali, kuzunguliranso.

Chilichonse chimene wagwira ankachiviika m'madzimo. Nkhanu m'madzi. Chipande m'madzi. Tsiku lina anapeza mchere wa m'nyumba, nauviika nawonso. Anafufuza, anafufuza ndi tizala take, kudabwa kuti wapita kuti. Gwaza anadya ndiwo zosakolera mwezi wathunthu.

Tsiku lina Nachisale anaumba mtsuko, nauika pamthunzi kuti uume. Katumbu anadzaimirira, naugwira ndi manja onse awiri. Tizala khumi tinadinda m'khosi mwa mtsuko. Woumba wina aliyense akananyowetsa dzanja n'kusalaza. Nachisale sanasalaze. Anauwotcha momwemo, nausunga m'nyumba.

Koma dothi limakumbidwa kumtsinje, ndipo woumba sangaleke kupitako.

Nachisale atapitako, mutu unatumphuka pakati pa bango. Anali katumbu wamkazi.

"Mayi woumba, mumafika pano kawirikawiri. Simunandionereko mwana? Madzi anandilanda."

"Sindinamuone," anatero Nachisale.

Mutu unamira.

Mwezi unapita. Nachisale anabweranso ndi dengu. Mutu unatumphukanso.

"Mayi woumba, simunandionereko mwana?"

"Sindinamuone."

"Nsalu yanu ikununkha nkhanu."

"Amuna anga ndi asodzi."

Mutu unamira.

Mano aja anamera. Katumbu anakula, natalika, mbereko nimuchepera. Anang'amba nkhokwe ya nsomba zouma. Anaswa miphika isanu ndi umodzi. Kenaka anagwira nkhuku ya a Nangozo.

A Nangozo anabwera ndi nthenga m'manja.

"Iwe Nachisale! Mwana wako woleredwa bwino uja wandidyera thadzi lokhalira mazira. Galu ukamukalipira amamva. Mbuzi ukaimenya imamva. Ichi chimva chiyani?"

"Adzazolowera, mayi."

"Adzazolowera nkhuku zanga, inde."

Sipanapite masiku, mdzukulu wa a Nangozo anafuna kumulanda nsomba. Katumbu anamuluma padzanja, bala lofika pafupa. Amuna a m'mudzimo anaitana Gwaza. Anati: "Mkamwini, chilombo chako chija, kumtsinje kapena kumkondo. Sankhani nokha."

Nachisale anasankha china. Anamanga khola la nsungwi kuseri kwa nyumba. Anaikamo mkhate uja, natsekeramo katumbu.

"Tsopano salumanso munthu," anatero.

Zoonadi, sanalumenso mwana wa munthu. Koma sanadyenso. Nkhanu zinkayenda pamapazi pake, iye osaziona. Ankangoyenda mbali imodzi ya khola, mbali yoyang'ana kumtsinje. Kupita, kubwera. Kupita, kubwera. Pansi panakumbika kanjira. Ubweya unauma, nuyamba kuthothoka.

Nachisale anagwada pakhola, napisa dzanja pakati pa nsungwi, naimba:

Sungeni, Sungeni, gona pamsana,
mtsinje uli kutali...

Mano analowa m'chala chachikulu. Chala chomwe chija chimene anachigwira m'nkhuti.

Nachisale sanakuwe. Anamata dothi pabalapo kuti lisaoneke. Koma Gwaza anaona.

"Sanachite dala, bambo."

"Ndikudziwa. Palibe chimene amachita dala, Nachisale. Ndi katumbu." Anayang'ana kukhola. "Amunawo akuti mawa abwera ndi mikondo. Ine sindingawaletse. Mudzi uno si wanga. Ndipo akapanda kubwera, khola limupha lokha."

Masana omwewo Nachisale anapita kumtsinje. Sanatenge dengu. Anakhala pamwala. Mutu unatumphuka.

"Mayi woumba, simunandionereko mwana?"

Nachisale anayang'ana madzi.

"Ndinamuona."

"Ali moyo?"

"Ali moyo. Koma sakudya."

"Mumamupatsa chiyani?"

"Nkhanu. Nsomba. Madzi ndimatunga kanayi pa tsiku."

"Madziwo amayenda?"

"Sayenda."



"Ndikakubwezerani," anatero Nachisale, "ine nditsala ndi yani?"

"Sindidziwa, mayi. Ine ndikudziwa wanga yekha."

M'mawa, amuna a mikondo asanafike, Nachisale anatsegula khola. Anakulunga katumbu m'mbereko, namuika kumsana. Anali wopepuka ngati nkhuni youma. Ulendo uno amayi a kuchitsime sanaseke. Anamupatukira njira.

Atayandikira mtsinje, katumbu anayamba kuphiriphitha. Anamva madzi. Nachisale anagwada m'mphepete, namasula mfundo.

Katumbu anatsetsereka pamatope, nalowa m'madzi. Poyamba anazungulira, anazungulira, ngati akadali mumkhate, kufuna pogunda mphuno. Panalibe pogunda. Mutu wa amake unatumphuka pambali pake. Mitu iwiri inamira pamodzi.

Nachisale anaimirira. Kwa nthawi yoyamba anatchula dzina lija mokweza.

"Sungeni!"

Madzi anangoyenda.

"Sungeni!"

Katumbu sanatembenuke. Akanatembenukiranji? Dzinalo silinali lake.

Nachisale anatola mbereko. Sanalowere njira ya kumudzi. Analowera kudambo. Anadutsa tsekera, nafika pamtengo wa katope, pamene dothi linali litatsika pang'ono ndipo udzu unali utamera kale. Anayala mberekoyo pamenepo, nakhala pansi. Anaitananso dzina lija, mwakachetechete. Ndipo kulira kumene anakusunga chaka chathunthu kunatuluka konse.

Atatukula mutu, anaona Gwaza ataima patali. Anali atamutsatira kuchokera kumudzi. Malo amenewo mwamuna sankafikako. Gwaza anasendera phazi limodzi, naima.

"Ndi pano?"

"Ndi pano."

"Dzina lija mumaitana lija..."

"Ndi la mwana wathu."

Gwaza anayandikira, nakhala pansi pambali pa mkazi wake. Anaika dzanja pambereko imene anafufuta yekha. Anayesa kulitchula dzinalo. Linatuluka atayesa kachiwiri.

Amuna a mikondo anapeza khola lotseguka, nabwerera. A Nangozo anawaona awiriwo akuchokera kudambo, maso ali ofiira. Anatsegula pakamwa kuti akalipe. Anatsekanso, nalowa m'nyumba mwawo.

Chaka chimenecho miono ya Gwaza inang'ambidwa monga kale. Katumbu sathokoza. Gwaza ankailuka, osatukwana. Nthawi zina Nachisale akamakumba dothi ankaona mitu iwiri patali, nthawi zina itatu. Sankaitana. Ankangoleka kukumba mpaka itamira.

Mtsuko uja anakhala nawo mpaka ukalamba. Potunga madzi, zala zake zinkagwera m'timaenje tija khumi.

Ndiye umve, mwana wanga. Mbuzi ndi ya khola, galu ndi wa pakhomo, koma nyama ya kumtsinje ndi ya kumtsinje. Ikakhala yaing'ono imagwira chala chako, iwe n'kumati yakusankha. Sinakusankhe. Yangozizidwa. Ungaidyetse, ungaiumbire mkhate, ungaipatse dzina labwino kuposa onse, ikakula idzaluma, ndipo ukaitsekera idzafa ikuyang'ana kwawo. Kwinakwake kuli mayi wake akufunsa. Ndipo malo a amene anapita sakhalapo wina. Amenewo umangowalira, ndi dzina lawo.

Apa m'pamene panamira mitu ija. Nthano yanga yathera pomwepo.