Mkuyu Wotsala Wokha

Panali munthu wina woweta mbuzi, amene anali ndi mkuyu kumapeto kwa munda wake, m'mphepete mwa khwawa. Patsidya pa khwawalo panali mkuyu wina, wa mng'ono wake. Kale mikuyu inali mbwee chigwa chonsecho, koma anthu anaimaliza. Ina inathera m'zigafa za fodya, ina m'mauvuni a njerwa. Inatsala iwiriyi basi, kumangoyang'anana.

Mitengoyi sinkabereka nthawi imodzi. Wa mkulu ukamagwetsa nkhuyu zakupsa, wa mng'ono umakhala ukutulutsa kumene tinkhuyu tatiwisi. Uwu ukatha, uwo wayamba. M'chilimwe, tchire litapsa, msipu kulibe, mbuzi za mabanja onse awiri zinkapulumukira pomwepo. Zinkangowoloka khwawa kutsata kumene nkhuyu zikugwa.

Koma abale awiriwa sankamwerana madzi. Chimene anayambanirana, ngakhale eni akewo anali atachiiwala. Chinatsala ndi chidani chokha.

Munthu uja akang'amba nkhuyu ya mumtengo mwake, ankapezamo tizilombo takuda tili nyakanyaka. Zinkamunyansa. Ndiye tsiku lina m'mawa anaona tizilomboto tikutuluka mu mkuyu wa mng'ono wake ngati fumbi, kamphepo kakutiwolotsa khwawa, kulunjika kwake.

"Ndaona!" anatero. "Zowola zonsezi zikuchokera kwa mwana uja."

Mkazi wake anaseka. "Bambo a Nyozani, nkhuyu zimatero chiyambire. Si paja amati chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere? Kapena mbuzi zabwera kudzadandaula kwa inu?"

"Iwe zako ndi kuseka basi," anatero mwamunayo. Koma nkhaniyo anaisunga m'mimba.

Chaka chimenecho mng'ono uja anagulitsa mbuzi zake, nkutenga banja lake kukalowa utenanti ku esiteti ya fodya. Pasanapite nthawi kunabwera anyamata ootcha njerwa, akufuna nkhuni.

"Dulani uwo wa patsidyawo," anatero munthu uja.

"Nanga eni ake alola, madala?"

"Eni ake ndi mwana kwa ine. Ndinamubereka kumsana ameneyo. Dulani."

Sanawalipiritse kanthu. Anakhala pachulu kumaonerera nkhwangwa zikugwira ntchito, mpaka mtengo unagwa, fumbi koboo. Tsiku limenelo anadya bwino.

Tsono imvani chimene munthuyu sankadziwa. Tija timati nyerere tija si nyerere ayi. Ndi timavu ting'onoting'ono. Munaonapo mkuyu utachita maluwa? Simunaone, chifukwa maluwa ake ali m'kati mwa nkhuyumo, otsekeredwa. Njuchi singalowemo. Mphepo singalowemo. Kamalowamo ndi kachilombo kameneka kokha, kakakazi, kudzera pa kabowo ka kunsonga. Kabowoko ndi kothina, moti polowa mapiko amathothoka. Kakalowa, kalowa. Kamathira pamaluwa mungu umene kabwera nawo kuchokera ku mkuyu wina, nkuikira mazira, nkufera momwemo. Ana ake amakulira m'menemo pamodzi ndi njere. Taamuna tilibe mapiko, ntchito yake ndi kuboola khomo kuti taakazi tituluke titasenza mungu. Ndipo kotulukako moyo wake ndi waufupi. Kakapanda kupeza nkhuyu yaiwisi lero kapena mawa, kafa.

Zinazolowerana choncho kuyambira makolo a makolo athu asanabadwe. Mtengo sungabereke popanda kachilomboko, kachilomboko sikangaswane popanda mtengo. Ngakhale kachere, amene ndi mbale wake wa mkuyu, ali ndi timavu take take. Sitilowa m'nyumba ya eni.

Nkhuyu za munthu uja zinapsa monga mwa masiku onse. Timavu tinatuluka, tinawoloka khwawa, tinapeza chitsa. Tinazungulira, tinafa. Iye sanaone kanthu. Ndani amaona maliro a kachilombo?

Chilimwe chotsatira chinafika ndi ukali. Dzuwa linaswa mtengo, khwawa linauma gwa. Mkuyu unatulutsa tinkhuyu tambirimbiri, nthambi zonse thoo. Munthu uja ananyadira. "Chaka chino ndi za mbuzi zanga zokha," ankatero.

Tinkhuyu tija tinadikira. Sitinakule, sitinafiire. Kenaka tinayamba kuyoyoka tili tatiwisi, tolimba ngati miyala, todzaza utomoni. Mbuzi zinkanunkhiza, kutafuna kamodzi, nkulavula. Mbalame zinasiya kutera. Mileme inasamuka. Pansi pa mtengo pamene kale pankanunkhira zakupsa panangoti zii.

Munthu uja anatola nkhuyu imodzi nkuing'amba ndi chikhadabo. M'kati munali mwaukhondo. Munalibe kachilombo ngakhale kamodzi. Munalibenso njere. Anang'amba ina, chimodzimodzi. Anang'amba mpaka zala zinamata ndi utomoni.

"Mwazipeza zoyera zija," anatero mkazi wake. Ulendo uno sanaseke.

Pofuna kupulumutsa mbuzi, mwamunayo anayesa kusadza masamba a mitengo ina, anayesa makoko a chimanga opempha kwa anansi. Sizinakwane. Mikota inauma mawere, ana ake anayamba kufa mmodzimmodzi. Tonde anagona pakhola osadzukanso. Pamene mvula inkagwa, khola linali litatsala ndi mbuzi zoti mwana wosapita kusukulu akhoza kuziwerenga.

Fodya atagulitsidwa, mng'ono uja anabwerako. Anaima pachitsa nthawi yaitali. Kenaka anayang'ana patsidya, pamene mkulu wake anakhala pansi pa mkuyu wosabala.

"Achimwene," anatero, "wanga munadula. Nanga wanuwo wadula ndani?"

Mkuluyo anakweza maso kuyang'ana mkuyu wake. Mtengo unali chiimire, wamasamba obiriwira, wa iye yekha, wopanda womulanda.

Nkhani ndi imeneyo. Tsono inu amene mukumva, musayang'ane mnzanu, ndikunena inu. Pamudzi pano tatopa nako kukwirira maubale. Uyu wachotsa mng'ono wake pamunda, uyo wapirikitsa mlamu wamasiye, wina akudikira kuti mnansi wake agwe kuti atsale yekha wooneka. Mumati chochokera kwa mbale wanu ndi chonyansa, ana ake ndi aphokoso, mbuzi zake ndi zakuba. Mwina ndi zoona. Koma chimene chimakusungani ndi moyo chimawolokera pa njira yomweyo, ndipo ndi chaching'ono, simungachione mpaka chitasiya kubwera. Nkhwangwa muli nazo, palibe angakuletseni, ndipo ine pakamwa pauma ndi kulankhula. Dulani. Mudzatsala nokha ndithu, chiimire, masamba biriwiri, mbuzi zikukuferani pamizu.