Wapampando Amene Anasankha Mijigo

Panali munthu wina amene anthu a m'dera lake anamuika kukhala wapampando wa komiti ya chitukuko. Sanali wakuba ayi. Ankangofuna kuti podzachoka pampandopo asiye chinthu choti anthu aziloza ndi chala.

M'deramo munali koleji yaing'ono ya ntchito zamanja, imene inkayenda ndi thandizo la boma. Kumeneko mmisiri wina wokalamba ankaphunzitsa achinyamata asanu ndi atatu kukonza mijigo. M'dera lonselo wodziwa ntchitoyi anali iye yekha.

Chaka china ndalama za chitukuko zinabwera zochepa, ndipo komiti inagawikana pakati. Ena ankati zipite kukoleji, ena ankati zikumbitse mijigo yatsopano. Mawu otsiriza anali a wapampando.

Mmisiri uja anafika pamsonkhanopo akuyendera ndodo. Anati, “Bambo wapampando, ndipatseniko chaka chimodzi chokha. Anawa kumasula akutha, koma kumanganso sanadziwe. Inetu maso ayamba kuchita mdima.”

Wapampando anamva chisoni ndithu. Koma mumtima anati mjigo umaoneka, pomwe luso la m'manja mwa munthu palibe amene amaliimbira nthungululu. Anakweza dzanja, nasankha mijigo.

Inakumbidwa isanu, ndipo amayi anavina tsiku lonse. Kukoleji chipinda cha mmisiri chinatsekedwa. Ophunzira anabalalika, ena ku Joni, ena kukapalasa kabaza m'tauni. Mmisiri anamwalira mvula isanagwe kawiri.

Koma chitsulo chimatopa. Mjigo woyamba unaleka kutulutsa madzi, kenako wachiwiri, mpaka yonse, yakale ndi yatsopano yomwe. Mwina chinatha ndi kamphira chabe ka pansi, koma wozula mapaipi panalibe. Wokonza wa kutali ankalonjeza, osafika. Amayi anabwerera kudambo, kumene zimamwa ng'ombe.

Dzinja litafika, kolera inabuka. Mmodzi mwa odwala anali mkazi wa wapampando. Mwamunayo anamukweza pangolo kuthamangira naye kuchipatala, koma mayiyo anatsirizikira panjira.

Maliro atatha, wapampando uja anabwereka sipanala, napita pamjigo wa pafupi ndi nyumba yake. Anamasula mabawuti anayi, nasuzumira m'katimo. Sanadziwe pogwira. Anakhala pansi pasimenti youmayo, nalira ngati mwana.

Tsono inu amene mumakhala pamisonkhano yogawa chuma cha anthu, musanagamule muzifunsana kuti, “Chimene tikugulachi chikadzawonongeka, adzachikonza ndani?” Kuphunzitsa munthu kumachedwa, ndipo sikubweretsa alendo olemekezeka. Koma amene mwakana kumuphunzitsa lero, tsiku la tsoka simudzamupeza, ngakhale mutamufunafuna ndalama zili m'manja.